Amayi aika simbi m'sutikesi, koma ulendo ndi wa pa sitima yapamadzi

Mayi a Tamanda, Area 25: Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere kunyumba kuno sabata yonseyi. Amayi anga apuma pa ntchito ya uphunzitsi chaka chino, ndiye ife ana awo tinasonkherana kuti tiwathokoze ndi chinthu choti azichikumbukira. Tawalipirira ulendo wa pa sitima yapamadzi ya kampani ya MSC yonyamukira ku Durban mu Januwale, kukafika ku Portuguese Island ku Mozambique n'kubwerera. Wowaperekeza ndine. Tsono pa mapepala amene atitumizira alemba kuti simbi ndi yoletsedwa. Amayi akuti chiyambire ntchito sanatulukepo pakhomo ndi chovala chosasita, ndipo sangayambe lero pamaso pa anthu a mayiko ena. Asoketsa madiresi awiri a chitenje ndi maduku ake, ndipo simbi aikulunga kale m'thaulo n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Amene munakwerapo, chonde tiuzeni. Lamuloli amalitsatadi kapena angolemba?

Mnyamata wa pa Biwi: Anti musadzivutitse. Pali timasimbi ting'onoting'ono ta paulendo timene chogwirira chake chimapindika. Kamodzi kokha mukalowetse mu nsapato, pamwamba masokosi. Anthu okwera amakhala masauzande, ndani angasanthule chikwama chilichonse?

Nangozo, Kawale 2: Ayi mwanawe, malangizo amenewo usawapereke. Ine ndinachita zomwezo zaka zingapo zapitazo pa sitima ina imene sindiitchula dzina. Zikwama zikuluzikulu mumazisiya padoko, iwo amazidutsitsa pa makina oona mkati ngati a ku bwalo la ndege la Kamuzu, kenako amadzakuikirani pakhomo pa chipinda chanu. Cha mchemwali wanga chinafika masana. Changa ayi. Dzuwa linalowa ndili ndi zovala zomwe ndinavala m'mawa. Kenako ndinapeza kapepala pansi pa chitseko kondiitana kwa achitetezo. Ndinatsika mpaka kunsi kwa sitima, kumene kulibe makapeti, kuli zitsulo zokhazokha ndi phokoso la injini. Kunali mzere wa anthu, aliyense pafupi ndi chikwama chake. Anandiuza nditsegule ndekha, ndivundukule zovala zanga zonse mpaka zamkati pamaso pa anyamata awiri aja, ndiitulutse ndekha simbiyo. Anamatapo kapepala ka nambala ya chipinda changa, ine anandipatsa kena. Sanandikalipire, anandilankhula mwaulemu, koma manyazi amene ndinamva sindingafune kuti mayi wamkulu ngati amayi anu akawamve. Simbi anandibwezera tsiku lotsika. Chakudya chamadzulo a tsiku loyamba ndinachiphonya.

Mayi a Tamanda, Area 25: Eeh aNangozo, zikomo pofotokoza mosabisa. Amayi akanakhala iwo pamzere umenewo ulendo wonse ukanawawira.

Mnyamata wa pa Biwi: Pepani, sindinkadziwa kuti amaunika chikwama chilichonse. Koma ndifunse, chifukwa chake n'chiyani? Kuhotela simbi amakupatsa okha m'chipinda.

Wapanyanja wa ku Area 23: Moni makolo ndi abale. Ndili patchuthi kunyumba kuno, ndiye ndaona ndiyankhe chifukwa iyi ndi ntchito yanga. Ndimasamalira zipinda za alendo pa sitima zoterezi. Achimwene a pa Biwi, hotela ikayaka anthu amathamangira panja n'kuima pamsewu kudikira galimoto yozimitsa moto. Panyanja panja pake ndi madzi. Ozimitsa moto ndife tomwe, amene masana timayala mabedi ndi kuperekera chakudya. N'chifukwa chake aliyense wogwira ntchito pa sitima amaphunzira kuzimitsa moto asanayambe ntchito, ndipo timayeserera kawirikawiri mpaka kutopa nazo. Mukafunsa woyendetsa sitima aliyense chimene amachiopa kuposa zonse, sanena mafunde. Amanena moto.

Tsono taganizirani chipinda chenicheni. N'chaching'ono, bedi, makatani, kapeti ndi zovala zonse zili pafupipafupi. Mulibe tebulo lositira, ndiye munthu amayala thaulo pabedi. Akasita malaya amodzi amaimika simbi pamatiresi kuti atenge hang'ala. Sitima siima chilili ngati nyumba, imapendekeka pang'onopang'ono ngakhale nyanja ili bata, ndipo kunyanja ya pakati pa Durban ndi Mozambique mafunde akhoza kukula ndithu. Simbi igwa chafufumimba pabulangete. Mwini wake wamva kuti chakudya chayamba, watseka chitseko wapita. Zipinda zili mazanamazana, kutsogolo ndi kumbuyo, pamwamba ndi pansi, ndipo mwina m'chipinda choyandikana nacho muli agogo oyenda ndi ndodo kapena mwana wagona.

Sikuti n'zongoopseza. Mu Marichi 2006 sitima ya Star Princess inayaka usiku kufupi ndi Jamaica. Moto unayambira pakhonde la chipinda chimodzi, ofufuza anati mwina ndi ndudu imene wina anataya. Munthu mmodzi anamwalira ndipo zipinda zoposa 100 zinawonongeka. Kanthu kakang'ono ngati ndudu. Mu Julaye 1998 sitima ya Ecstasy itangonyamuka ku Miami moto unabuka kochapira zovala kwenikweniko, pamene ntchentche za moto wa kuwotcherera zinagwira timaulusi ta zovala timene tinaunjikana m'mapaipi a mpweya. Ndipo akuluakulu ena pano akukumbukira Achille Lauro, imene inayaka kuchokera ku injini kumapeto kwa 1994 ili paulendo wopita ku South Africa, n'kumira kufupi ndi Somalia. Ndiye si simbi yokha. Ketulo, kandulo, lubani, kambaula ka magetsi, ngakhale kachipangizo kothira nthunzi pa zovala kaja, zonse amalanda pakhomo.

Nachisale wa ku 47: Ndimati ndinene za kanthunzi komweko. Ine ndimaganiza kuti iko amalola popeza alibe chitsulo chotentha.

Wapanyanja wa ku Area 23: Ayi achemwali, nako n'koletsedwa pa makampani ambiri. Mkati mwake muli waya wotenthetsa madzi ngati wa m'ketulo. Madzi akatha iko kali koyaka, nkhani ndi yomweyo.

aPhiri amagetsi, Mchesi: Ndionjezereko za mbali yanga. Simbi ya m'nyumba imakoka mawatsi kuyambira 1000 mpaka kupitirira 2000. Chaja ya foni siifika ngakhale 30 nthawi zambiri. Masoketi a m'chipinda cha sitima anawaikira zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi, osati kuti zipinda zonse ziyatse simbi nthawi imodzi madzulo pokonzekera phwando. Komanso mukaika simbi pa madontho atatu aja, pamene timasitira thonje ndi chitenje, chitsulo chake chimafika madigiri 200. Madontho awiri ndi 150, dontho limodzi 110. Pa 200 bulangete la poliyesita silichedwa kuwonongeka. Ine pa ntchito yanga ndaitanidwapo kangapo ku nyumba zimene zinapsa chifukwa magetsi anazima munthu akusita, iye n'kuiwala kuzula, magetsi n'kubwera iye ali kutchalitchi. Zimenezi tonse tikuzidziwa muno mu Lilongwe.

China Mayi a Tamanda, pulagi yathu ya mano atatu amakona ija sikalowa. M'zipinda muli masoketi a ku Europe a timabowo tiwiri tozungulira a 220, ndi a ku America a 110. Gulani adaputa musananyamuke. Koma musatenge ekisitenshoni yokhala ndi choteteza magetsi akakwera mphamvu chija. Mawaya a pa sitima anawalumikiza mosiyana ndi a m'nyumba, ndiye chotetezacho chikhoza kutentha chokha. Nayonso amalanda.

Bambo a Chisomo, Area 36: Ine ndikumva zonsezi, koma tisanamizane. Nkhani ndi ndalama. Akuletsa simbi kuti muzipereka zovala kwa iwo n'kulipira madola. Munthu walipira kale tikiti yodula, malaya amodzi akulipiritsenso kusita?

Wapanyanja wa ku Area 23: Bambo a Chisomo, kuti kuchapa ndi kusita kumawabweretsera ndalama sindingakane, ndipo mtengo wake kwa ife Amalawi ndi wowawa. Koma taonani izi. Makampani ngati Carnival, Princess, Cunard ndi Disney ali ndi tizipinda tochapira tokha pa sitima zawo zambiri, momwe muli simbi ndi tebulo lake, mlendo amakasita yekha osalipira kusitako. Komabe iwonso simbi m'chipinda chogona salola. Akanakhala kuti akungofuna ndalama sakanaika simbi zaulere. Akufuna kuti simbi ikhale malo amodzi odziwika, opanda bedi ndi makatani, oti ogwira ntchito azidutsako. Royal Caribbean ndi MSC alibe tizipinda timeneti, kumeneko mumapereka kwa ochapa. Ndiye kudandaula kwanu kuli ndi malo ake, koma kukhale kwakuti bwanji osatiikira chipinda chositira, osati bwanji osatilola kusitira pabedi.

Bambo a Chisomo, Area 36: Chabwino, pamenepo ndavomera theka. Koma theka linalo ndikadali nalo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuipeza kubanki n'kovuta, ndiye munthu aziitaya pa kusita?

Nachisale wa ku 47: Apo mwanena zoona bambo. Mayi a Tamanda, dziwani kuti ngakhale sitimayo ikunyamukira ku Durban, mkatimo zinthu amawerengera m'madola a ku America, osati ma rand. Musanapereke chovala onani kaye kapepala ka mitengo kamene kamakhala m'kabati limodzi ndi thumba loikamo zochapa. Kusita kokha n'kotsikirapo kusiyana ndi kuchapa ndi kusita. Mukasankha diresi limodzi lokha la usiku wa phwando lalikulu limene amati gala, sizingakupheni.

Mayi a Tamanda, Area 25: Ndawawerengera amayi zonsezi. Za moto amva ndipo akhala chete kwa kanthawi. Koma abweretsa ina. Akuti kusita si kudzikongoletsa kokha, nanga mphutsi?

Anamwino a ku 49: Amayi akunena zoona, ndipo musawaseke. Kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi kapena pa zovala zonyowa zimene zayanikidwa panja, makamaka pamthunzi kapena pa udzu, ndipo imakonda zimene zili ndi fungo la thukuta kapena mkodzo. Mukavala osasita, kamphutsi kamaboola khungu n'kumakulira momwemo, pamatuluka chotupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ndaona ana ambiri nyengo ya mvula ali nazo kumsana ndi m'matako chifukwa cha matewera osasita. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Ndiye makolo athu potiphunzitsa kusita ngakhale zamkati ndi zofunda sankangovuta. Koma auzeni amayi kuti ntchentche imeneyi imafuna zovala zoyanikidwa panja kumtunda kuno. Chovala chimene mwachapa m'sinki n'kuyanika m'bafa la m'chipinda chotseka pakati pa nyanja, kapena chimene chauma m'makina otentha, sichikumana nayo. Chofunika n'chakuti zonse zimene muchape kuno mu Disembala ndi Januwale, mvula ili pakati, muzisite bwinobwino mbali zonse musanaziike m'sutikesi.

Gogo Nabanda, Chilinde: Ana inu, ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, ine maso avuta. Ndikuwamvetsa amayi anu chifukwa ndife a nthawi imodzi. Ife tinakula mphunzitsi akudziwika ndi mzere wa pa thalauza ndi kolala yoima. M'nthawi ya Kamuzu kavalidwe inali nkhani ya boma, mpaka mu 1973 anakhazikitsa lamulo lake. Munthu wovala zamakwinya ankaoneka ngati kwawo kulibe anthu. Ine ndinkadzuka nkhuku zisanalire kukoleza makala, kuwathira mu simbi ija ya tambala pamwamba, kuikupiza uku ndi uku mpaka makala afiire, kupukuta pansi pake pa chiguduli kuti phulusa lisadetse malaya a bambo. Tsiku lina kakhala kamodzi kanatulukira pa kabowo ka m'mbali n'kugwera pa malaya oyera a Lamulungu. Ndinangotembenuka kutenga madzi owaza, pobwera pali bowo loti chala kulowa, m'mphepete mwake mukufuka. Kutembenuka kamodzi kokha. Ndiye mwana wapanyanjayo akamanena za moto ine ndikumumva.

Ndinakwerapo Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay kukaona mlongo wanga. Usiku uli pakati pa nyanja, kumtunda sikuoneka, umadziwa kuti moyo wako uli m'manja mwa anthu onse amene akwera nawe. Imeneyo ndi nyanja yathu yomweyi. Nanga ya mchereyo? Muwauze anzangawo kuti ulemu wawo sukhala mu simbi. Akaima bwino atamanga duku lawo, aliyense adziwa kuti apa pali mphunzitsi.

Mnyamata wa pa Biwi: Agogo mwandikumbutsa ku sekondale yogonera konko. Simbi inali imodzi hostel yonse, ndiye yunifolomu tinkaipinda bwino n'kuiyala pansi pa matiresi usiku. M'mawa thalauza ili ndi mzere wake. Kapena zimenezi zingathandize?

Atelala a ku Area 18: Zimathandiza pa thalauza ndi siketi yowongoka, osati pa diresi la mapindo. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhule za nsalu chifukwa mpamene pagona nkhani.

Choyamba Mayi a Tamanda, chitenje ndi thonje, ndipo thonje limakwinyika, koma chitenje chili ndi mwayi umene malaya oyera alibe. Maluwa ake amabisa makwinya ang'onoang'ono. Chimene chimaoneka patali ndi mzere wakuthwa wa pamene munapinda n'kupsinja ndi katundu wolemera. Ndiye nkhondo yanu ndi ya mizere imeneyo. Musapinde diresi kanayi ngati mukuika m'kabati. Lisiteni kunyumba, lisiyeni pa hang'ala lizizire ndi kuumiratu, chifukwa nsalu yofunda kapena ya chinyezi ikalowa m'sutikesi imagwira makwinya msanga. Kenako liyaleni pabedi chakumbuyo, manja apindireni mkati, pamwamba pake yalanipo pulasitiki yopyapyala ngati ija amakutira zovala kwa a dry cleaner. Tengani thaulo kapena juzi, ikulungeni ngati mkate, muike kumunsi kwa diresi n'kuyamba kukulunga diresilo mozungulira thaulolo, osathinitsa. Pulasitiki imachititsa kuti nsalu iziterera m'malo mogwirana, thaulo limaletsa kuti pakhale ngodya. Madiresi amenewa akhale pamwamba penipeni. Nsapato ndi mabotolo pansi, cha ku matayala a sutikesi, kuti mukaiimika zolemera zisatsikire pa zovala.

Duku ndiye losavuta. Lisiteni, mulikulunge pa kachubu ka katoni kapena pa botolo la madzi lopanda kanthu. Likafika lili ngati latuluka pa simbi.

Ngati chitenjecho n'chatsopano chokhala ndi sitachi yambiri, chichapeni kamodzi kaye. Nsalu youma gwa ndi imene imathyoka mizere yovuta kuchotsa. Ndipo masiku wamba a pa sitimayo, auzeni amayi atenge zovala za nsalu yotamuka kapena yosakaniza ndi poliyesita. Ku msika wa Tsoka mukasankha bwino pa kaunjika mupeza mabulauzi abwino otero. Poyesa, finyani nsalu m'dzanja muwerenge mpaka khumi, mutsegule. Ikabwerera yokha, tengani. Ikatsala ngati pepala lofinya, isiyeni. Linen musayerekeze, ngakhale ikongole bwanji.

Nangozo, Kawale 2: Atelala mwatiphunzitsa tonse. Nanga jekete la abambo? Amuna anga amavutika nalo ngakhale popita ku ukwati ku Mzuzu.

Atelala a ku Area 18: Jekete labwino n'kulivala paulendo kapena kulinyamula pamkono. Zikakanika, tembenuzani phewa limodzi kunja kukhale mkati, mulowetse phewa linalo m'menemo kuti mapewa agonerane, kenako pindani kamodzi kokha pakati mutaikapo kathaulo. Kumbali yoonekera kumakhala kotetezeka mkati.

Wapanyanja wa ku Area 23: Ndipitirize pamene atelala asiyira, mukalowa m'chipinda. Chikwama chikangofika tsegulani nthawi yomweyo, musadikire mawa. Pachikani zonse. Mahang'ala akachepa pemphani kwa wosamalira chipinda, timakhala nawo ambiri ndipo salipiritsa. Amayi akamasamba madzi otentha, diresi lipachikeni kuseri kwa chitseko cha bafa, poti madzi asalifike, chitseko chili chotseka. Akamaliza liwongoleni ndi manja, kukoka pang'ono m'mipendero, mulitulutse likaumire m'chipinda. Awiri inu mukasamba motsatizana ndiye kuti lalandira nthunzi kawiri. Chokhacho musatsegule shawa n'kuisiya ikuthika mulibe munthu. Madzi abwino pa sitima amachita kupangidwa kuchokera ku madzi amchere, si oseweretsa, komanso nthunzi yambiri ikatulukira m'chipinda ikhoza kuliza alamu ya utsi.

M'chipinda mumakhala choumitsira tsitsi. Pamene patsala mzere, nyowetsani pang'ono ndi kathaulo, wina akoke nsalu, wina aziuzira mpweya wotentha motalikirako pang'ono. Pa thonje zimagwira bwino.

Ndipo chonde, chonde, ichi ndiye ndikupemphani. Kudenga muona kachitsulo kotulukira kokhala ndi kagalasi kakang'ono kofiira. Kameneko n'kozimitsa moto. Kagalasiko kamasweka kutentha kukafika madigiri 68, madzi n'kuyamba kupopera. Alendo ena amakaona ngati kokolekapo hang'ala. Mukakagogoda kamasweka, ndipo madzi ake amanyowetsa chipinda chanu chonse ndi kutsikira kwa anzanu. Mukafuna pokoleka powonjezera, makoma a zipinda zambiri ndi achitsulo, ndiye timbedza ta maginito timamata. Pakhonde musayanike kanthu, mphepo imatenga, ndiponso n'zoletsedwa chifukwa cha moto womwewo. M'bafa muli kachingwe kokoka koyanikapo.

Nachisale wa ku 47: Ine ndimayenda ndi kabotolo kopopera kopanda kanthu. Ndikafika ndimathiramo madzi ndi kasupuni kamodzi ka Sta-soft amene ndimatengera m'kabotolo kena kakang'ono. Kupopera pang'ono, kukoka, kupachika, pakatha ola chovala chagona. Fungo lakenso labwino.

Atelala a ku Area 18: Pa chitenje ndi bwino. Pa satini ndi silika musapopere, zimasiya madontho ooneka akauma. Yesani kaye mkati mwa mpendero.

Mnyamata wa pa Biwi: Funso lomaliza kwa achimwene apanyanja. Asisi anga akuti chowongolera tsitsi amalola. Si chitsulo chotentha chomwecho?

Wapanyanja wa ku Area 23: Makampani ambiri amaloladi, koma werengani mndandanda wa kampani yanu chifukwa amasintha. Kusiyana kwake n'kwakuti chimakoka magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi simbi, ndipo mbali zotenthazo zimayang'anizana mkati, sizigona pa bedi. Ndikudziwa kuti ena amapanira nacho kolala ndi mpendero wa mabatani. Ine monga wantchito ndingonena kuti anachilolera tsitsi, ndipo mukamaliza muzule pakhoma, muchiike pa tebulo louma, osati pa thaulo. Tikachipeza choyaka m'chipinda mopanda munthu timazula ndipo timakanena.

Bambo a Chisomo, Area 36: Mayi a Tamanda, mupita pa ndege kapena pa basi? Chifukwa ngati ndi basi ya ku Joni, kudutsa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, sutikesi ikhala pansi pa katundu wa anthu tsiku lathunthu ndi theka, kenako muyambenso wa ku Durban. Zokulunga za atelalazo zipirira?

Mayi a Tamanda, Area 25: Amayi msana sungalole basi bambo. Tikwera ndege mpaka Johannesburg, kenako ina ya ku Durban. Tifika kutatsala tsiku limodzi, tigona ku loji.

Bambo a Chisomo, Area 36: Basitu nkhani yatha. Ku loji pemphani simbi usiku umenewo, amakhala nazo. Musite madiresi awiri aja komweko, muwaike pa hang'ala m'thumba lake la zovala, m'mawa mukwere nawo sitima ali m'manja. Kuchokera mu tauni ya Durban kufika pa Nelson Mandela Cruise Terminal si patali. Dola yanu yatsala m'thumba.

Wapanyanja wa ku Area 23: Awa ndiye malangizo abwino kuposa onse, ndipo alendo ozolowera amachita zomwezo. Thumba la m'manja limadutsa pa makina n'kukubwezerani pompo. Muikemonso mankhwala a amayi, mapasipoti ndi chovala chosinthira, chifukwa zikwama zikuluzikulu nthawi zina zimafika m'chipinda madzulo. Komanso sitima isananyamuke pamakhala kuphunzitsa za ngozi, kuti aliyense adziwe malo ake osonkhanira. Amayi asakuphonye, ndi lamulo kwa aliyense.

Gogo Nabanda, Chilinde: Safunsa anadya phula. Mwachita bwino kufunsa mwanawe.

Mayi a Tamanda, Area 25: Abale, ndabweranso patapita masiku anayi. Amayi ndi mphunzitsi ndithu, anati sakhulupirira chinthu asanachiyese. Lachiwiri tinasita diresi lobiriwira lija, tinalikulunga pa thaulo ndi pulasitiki monga ananenera atelala, tinatseka sutikesi, iwo anaikaponso mabuku pamwamba kuti zifanane ndi paulendo. Lero m'mawa tatsegula. Tinatenthetsa ndowa ya madzi, analipachika m'bafa akusamba. Siketi yake yatuluka bwino kwambiri, duku lomwe tinakulunga pa botolo ndiye ngati silinayende n'komwe. Analiyang'ana nthawi yaitali pawindo, kulitembenuza uku ndi uku, kenako anapita okha kukatulutsa simbi ija m'thaulo n'kuibwezera pa shelefu. Sindinawauze kanthu. Pavuta pamodzi pokha, kolala yake yoimirira ija yathyoka pakati ndipo nthunzi sinaithe. Ngakhale tikasite ku loji ku Durban, akuti akufuna adzalivalenso tsiku lomaliza, ndiye akuda nkhawa.

Atelala a ku Area 18: Kolala yathyoka chifukwa amene anasoka anaikamo kansalu kolimbitsa kokhuthala kwambiri, kameneko kakapindika sikabwerera popanda simbi. Bwerani nalo Loweruka m'mawa ndisanatanganidwe, ndikusomolereni ndiikemo kofewa. Mubweretsenso linalo ndilione, ndi sutikesi yomweyo kuti tiyese kulongedza limodzi amayi akuona.

Mayi a Tamanda, Area 25: Tifika cha m'ma 8 atelala. Amayi akuti abweretsanso malaya a achimwene anga, kolala yake imachitanso chimodzimodzi.